Thandizeni: manambala a GPS a mjigo wathu ndiwasinthe bwanji kukhala madigiri, maminiti ndi masekondi?

Moni nonse pagulu pano. Ndine mlembi wa komiti ya mjigo kuno kumbali ya Bangula. Mjigo wathu unawonongeka nthawi ya Freddy mu March 2023, madzi atasefukira anadzaza matope mpaka pano ukutulutsa madzi ofiira, nde azimayi akutunga kudambo, ng'ona zomwezi mukuzidziwa. Pano kwabwera bungwe lina likufuna kukonza mijigo koma atipatsa fomu yoti tilembepo pomwe mjigowo uli, ndipo timabokosi take ndi titatu titatu, ka madigiri, ka maminiti, ka masekondi, kenako ka S kapena E. Ine ndinakaima pamjigo penipeni nkudina pa Google Maps, zomwe yandipatsa ndi izi: -16.5842, 35.1276. Mnzanga wina akuti ndingodula manambalawo awiri awiri, 16 kenako 58 kenako 42, basi zatha. Mtima wanga ukukana koma chifukwa chake sindikuchidziwa. Fomu ikufunika Lachisanu. Pali apu yosinthira kapena ndipange bwanji?

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu:
Alembi, musayerekeze kudula choncho. Digiri imodzi ili ndi maminiti 60 osati 100, miniti imodzi masekondi 60, ngati wotchi. Taonani nambala yachiwiri ija, mukaidula ikupatsani 35, 12 ndi 76, nanga masekondi 76 alipo? Pamenepo pokha zikuoneka kale kuti njirayo ndi yabodza. Tengani kalikuleta ya pafoni mupange chonchi. Pa 16.5842, 16 uja ndi madigiri, musiyeni. Chotsalacho 0.5842 muchulukitse ndi 60, mupeza 35.052, nde maminiti ndi 35. Chotsalanso 0.052 muchulukitse ndi 60, mupeza 3.12, amenewo ndi masekondi. Mulemba 16° 35' 03.1" S. Inayo chimodzimodzi, 0.1276 kuchulukitsa ndi 60 ndi 7.656, kenako 0.656 kuchulukitsa ndi 60 ndi 39.36, nde ndi 35° 07' 39.4" E. Mukafuna kudzitsimikizira bwererani chammbuyo, maminiti mugawe ndi 60, masekondi ndi 3600, muphatikize ndi madigiri, ibwere nambala yomwe munayambira ija.

Mlembi:
Zikomo aphunzitsi. Nanga ka mainasi kali kutsogolo kaja ndikalembe pati, poti pafomu palibe malo ake?

Mphunzitsi wa masamu, Ngabu:
Ka mainasi kaja ndi S uja. Kakungonena kuti tili kummwera kwa equator, Malawi yense ali kummwera ndi kum'mawa nde nthawi zonse yoyamba ndi S yachiwiri ndi E. Mukalemba S musaikenso mainasi. Koma tsiku lina mukamatumizira munthu za poyintizo pa WhatsApp musakasiye, 16.58 yopanda mainasi ikakufikitsani ku Sudan.

Wa kabaza, Nchalo:
Masamu onsewa achani abale, Google Maps yomweyo imasintha yokha. Koperani manambala awiriwo muwaike posakira paja, mukadina ikuonetsani malowo ndipo pansi palembedwa kale za madigiri ndi timizere tija. Ine makasitomala akanditumizira malo ndimaona choncho. Amene ali ndi iPhone apu ya Compass imaonetsa zimenezi osapanganso kalikonse.

Mayi wa zaumoyo, East Bank:
Achimwene a kabaza akunena zoona koma pamafunika bundle ndi netiweki, ife kuno ku Makhanga umatha kuima padzuwa mpaka thukuta tsamba osatseguka. Njira ya aphunzitsi ija imagwira ngakhale foni ilibe kanthu. GPS yokha sidya bundle, imamva masetilaiti mwachindunji, nde maapu ngati GPS Test amakupatsani manambala muli kutchire ndipo mu settings mumasankha kuti aoneke mwa madigiri, maminiti ndi masekondi. Chomwe ndikupempheni ine, bwererani pamjigo mukatengenso. Pa Google Maps mukadina ndi chala pini imagwera pomwe chala chagunda osati pomwe mwaima, zala zathuzi nzonenepa. Imani poyera, osati pansi pa mtengo kapena pakhonde la malata, dikirani kanambala ka accuracy, koonetsa kuti foni ingaphonye ndi mamita angati, katsike mpaka mamita 5 kapena kuchepera apo nde mulembe. Ndipo mutenge manambala asanu kuseri kwa poyinti, anayi amasiya mpata wa mamita ngati 11, mudzi wina mijigo iwiri imakhala moyandikana, wakufa ndi wamoyo, akhoza kukonza wolakwika.

Wogwira ntchito zoyeza malo, Chikwawa:
Ndiwonjezereko kuti muone kukula kwa nkhani ya kudula ija. Sekondi imodzi chakummwera ndi mamita pafupifupi 31, miniti imodzi ndi kilomita imodzi ndi mamita 850, digiri yonse ndi makilomita 111. Mukanalemba 16° 58' 42" mmalo mwa 16° 35' 03" mjigo wanu ukanasamuka makilomita opitirira 40, kuchoka ku Bangula kutsetsereka mpaka kupitirira mzere wa Nsanje boma. Munthu wa muofesi akaika pamapu nkuona kuti sizikugwirizana ndi mudzi wolembedwawo fomu amangoiika pambali, sakuimbirani foni, inu muli phee kudikira. Zimandiwawa chifukwa ndaonapo mafomu ambiri a mtundu umenewu ndipo olakwa si anthu akumudzi, ndi opanga fomu amene amapempha masekondi pomwe akudziwa kuti foni za aliyense zimatulutsa za poyinti. Apu ya KoboCollect yomwe mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito polemba mafomu pafoni imasunganso za poyinti zomwezo.

Chenjezo lina, mukaona fomu ikufunsa Easting ndi Northing zimenezo ndi zina, ndi njira ina yolembera malo yotchedwa UTM, kuno tili mu zone 36 ndipo manambala ake ndi mamita, kuchulukitsa ndi 60 sikugwira ntchito pamenepo. Mapu akale a boma apepala aja anajambulidwanso pa muyeso wa dziko wotchedwa Arc 1950 pomwe foni imagwiritsa wina wotchedwa WGS 84, nde musadabwe zikasiyanako. Pa fomu yanuyo lembani pambali kuti WGS 84, ndipo za poyinti zija muzilembenso mmunsi ndi cholembera kuti wowerenga athe kufananiza yekha.

Mlembi:
Takhuta nonse. Mawa mmawa dzuwa lisanakwiye ndipita kukatenganso ndi GPS Test monga anenera amayi aja, ndiwerengera ndekha kenako ndiponya pano aphunzitsi mundionere ndisanalembe pafomu. Funso lina, mijigo yakufa mmudzi muno ilipo itatu, uliwonse ukhale ndi manambala akeake kapena a pakati pa mudzi akwanira?

Wogwira ntchito zoyeza malo, Chikwawa:
Uliwonse akeake bambo, muime pa chogwirira penipeni, ndipo mujambule chithunzi cha mjigowo ndi cha sikirini ya foni nthawi yomweyo kuti manambala asasokonezeke mukafika kunyumba.