Za mtengo wa banja ndi bambo a mapasa osayankhawa

Msungichuma: Mwadzuka bwanji nonse. Zomwe tinalipira ku Ancestry, webusayiti yomwe timasungapo mtengo wa mibadwo ya banja lathu, zikutha pa 30 mwezi uno. Nyumba tilipo 9, zapereka 4. Mayina sinditchula lero, eni ake akudzidziwa.

Azakhali: Tipereke bwanji mtengowo uli m'manja mwa bambo a mapasa, munthu wosayankha? Atipatse pasiwedi basi.

Amalume: Moni kaye achemwali.

Azakhali: Ndadzuka achimwene. Pasiwedi.

Achimwene aakulu: Azakhali, ngakhale atatipatsa, ngati anatchera chitetezo chachiwiri, nambala yotsegulira izipitabe ku foni kapena imelo yawo. Tidzakhala tikuwasakanso omwewo. Vuto lenileni ndi ili: pa Ancestry mtengo umakhala wa akaunti imodzi. Mwini wake akakuitana amakupatsa udindo umodzi mwa itatu. Guest amangoona. Contributor amaika zithunzi ndi nkhani. Editor amawonjezera anthu ndi kukonza zolakwika. Ine ndi alamu ndife Editor, koma fayilo ya GEDCOM, imene imanyamula mtengo wonse kuti uusamutsire kwina, amaitulutsa ndi mwini mtengo yekha.

Alamu: Ndiwonjezere apo. Ndalama zomwe timasonkhazi sizilipirira mtengo, zimalipirira akaunti. Tikapanda kulipira mtengo sufufutika ayi, anthu onse 238 akhalabe momwemo. Chomwe chimatsekeka ndi zithunzi za zikalata zakale zija. Ndiye chaka chino ndalama isapite ku akaunti ya bambo a mapasa, ipite ku akaunti ya amene akufufuzadi.

Msungichuma: Amenewo ndi mawu. Za chaka chatha lisiti yake sindinaionebe.

Amalume: Zimenezo tisazifukule pano.

Msungichuma: Sindinafukule kanthu amalume, ndangoti lisiti.

Azakhali: Munthu akuwerenga zonsezi. Timizere tabuluu tikuoneka. Atipatse pasiwedi basi.

Achemwali: Ine ndinene za ku WikiTree, webusayiti ina yomwe ilinso ndi masamba a makolo athu, chifukwa kumeneko njira ilipo ndipo sitifunika kupempha pasiwedi ya munthu. Tsamba lililonse la munthu lili ndi woliyang'anira, ndipo masamba omwe sali otseguka amasinthidwa ndi okhawo ali pa Trusted List, mndandanda wa anthu ololedwa kukonza tsambalo. A makolo akalekale asatidetse nkhawa: munthu wobadwa zaka zoposa 150 zapitazo, kapena womwalira zaka zoposa 100 zapitazo, tsamba lake limakhala lotseguka, aliyense wolembetsa bwino amakonza. Otsekeka ndi a agogo aamuna, agogo aakazi ndi ana awo anayi omwalira aja. Onsewo woyang'anira ndi bambo a mapasa okha.

Mdzukulu: Ndiye titani anti?

Achemwali: Zinthu zitatu, ndipo zonse zichitikire pa WikiTree pomwepo, osati pa gulu lino. Upempha kulowa pa Trusted List ya tsamba lomwe ukufunalo, uwatumizira uthenga wachinsinsi, kenako ulemba ndemanga patsambalo pomwe aliyense angaione. Ukatero udikira sabata yathunthu. Akakhala chete, pali fomu ya Unresponsive Profile Managers, yodandaulira za oyang'anira osayankha, ndipo oyendetsa WikiTree ndi amene amaona chochita. Ambiri amalakwitsa podumpha chimodzi mwa zitatuzo, kapena kuthamangira fomu sabata isanakwane. Ulembe tsiku la chilichonse. Uthenga wa pa WhatsApp kumeneko sauwerengera.

Alamu: Ndipo uthengawo ukhale waufupi. Nambala ya tsamba, chomwe chalakwika, chikalata chotsimikizira, funso limodzi loti ayankhe eya kapena ayi. Uthenga wa ndime zisanu wokhala ndi madandaulo munthu amauika pambali kuti adzauwerenge mawa, ndipo mawalo silifika. Komanso mauthengawa amapita ku imelo yomwe munthu analembetsera. Ngati ndi ya ku ntchito yakale ija, palibe chomwe akulandira.

Amalume: Apo pakhoza kukhala pomwepo. Tisamuweruze mwana asanalankhule.

Azakhali: Foni yanga samayankha, imeneyonso ndi ya ku ntchito yakale?

Mayi aang'ono: Pepani ndalowa mochedwa. Ndaona mwalemba kuti amayi anabadwa 1934. Ayi, ndi 1931. Anali aakulu kwa amuna awo ndi chaka chimodzi, ankanena okha.

Amalume: 1934 ili pa chiphaso chawo.

Mayi aang'ono: Chiphasocho anawalembera ndi kalaliki, mongoyerekeza poyang'ana nkhope.

Mdzukulu: Chithunzi chomwe chili patsamba lawo si iwo ayi, ndi achemwali awo. Onani khutu.

Mayi aang'ono: Ndi iwo! Mpango umenewo ndimaudziwa.

Azakhali: Mpangowo unali wanga, anabwereka.

Achimwene aakulu: Zaka ziwirizi musafufute chimodzi n'kusiya chinzake mwakachetechete. Ikani cha pa chiphaso m'bokosi la tsiku lobadwa, chinacho chilembedwe m'mbiri yawo, ndi mawu oti ananena ndani. Wodzabwera m'tsogolo adzaona zonse ziwiri ndi komwe zinachokera.

Msungichuma: Tabwererani ku ndalama abale. Zapereka 4. Nyumba ina inandiuza Lolemba kuti "madzulo ano". Lero ndi Lachisanu.

Msuweni: Ine ndinapereka kwa bambo a mapasa mwezi watha.

Msungichuma: Kwa ndani?

Msuweni: Sindinadziwe kuti mwasintha.

Msungichuma: Tinasintha mu Januwale, pa gulu lomweli. Ndikulembani kuti simunapereke mpaka ndalamayo ifike kwa ine.

Azakhali: Mwaona? Ndalama amalandira, pasiwedi ayi.

Achemwali: Chinanso ndisanaiwale. Agogo aamuna ali ndi masamba awiri pa WikiTree, langa ndi la bambo a mapasa. Ndapempha kale kuti aphatikizidwe. Pempho lotere likakhala masiku 30 osayankhidwa limatengedwa ngati lavomerezedwa, ndiye pamenepo kungodikira. Koma wina asathamange kukamaliza asanaone bwino, chifukwa kuphatikiza kwa kumeneko sikubwezeka. Choyamba tigwirizane kalembedwe ka dzina la bambo awo, popeza nambala ya tsamba imamangidwa pa dzina lobadwa nalo. Tsamba lina lili ndi h, lina lilibe.

Amalume: Lili ndi h. Bambo ankasayina choncho.

Mayi aang'ono: Pa kalata ya ukwati palibe h.

Achemwali: Ndiye wina ajambule siginecha ya agogoyo anditumizire. Kopanda pepala sindidina kanthu.

Mdzukulu: Bwanji osangosamukira ku webusayiti ya FamilySearch? Ndi yaulere.

Alamu: Yaulere inde, ndipo kumeneko tsamba la womwalira lilibe mwini. Mtengo ndi umodzi wa dziko lonse, ukaona cholakwika umakonza wekha, n'kulemba chifukwa, n'kumata chikalata. Kuipa kwake n'komweko: mlendo akhozanso kusintha zako. Ndiye umadina kuti uzitsatira munthuyo, ndipo zikasokonezedwa umapita pa mndandanda wa zomwe zasinthidwa n'kubwezeretsa zakale. Amoyo ndiye nkhani ina. Amene bambo a mapasa anawalowetsa m'akaunti yawo amaoneka kwa iwo okha, ifeyo tiyenera kuwalembanso.

Achimwene aakulu: Webusayiti ya MyHeritage musaitchule n'komwe, yaulere imalekeza pa anthu 250, ife tatsala ndi malo 12 okha. Maganizo anga ndi awa. Tiwapemphe chinthu chimodzi chokha: atulutse GEDCOM atitumizire, ntchito ya mphindi zochepa. Akapanda kutero pofika pa 30, tigawana nthambi zinayi, aliyense anthu pafupifupi 60, tikopera pamanja mu Gramps, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta. Dziwani kuti GEDCOM ya ku Ancestry imanyamula mayina, masiku ndi maubale, zithunzi siinyamula. Zithunzi muyambe lero kuzisunga chimodzichimodzi, fayilo iliyonse muipatse dzina la munthu ndi chaka, osasiya manambala a kamera aja.

Achemwali: Ndipo masamba a WikiTree akatsegulidwa, lililonse likhale ndi oyang'anira awiri, a nyumba zosiyana. Zimaloledwa.

Azakhali: Nyumba zosiyana zenizeni. Osati munthu ndi mkazi wake ngati kale lija.

Amalume: Achemwali.

Azakhali: Ndangonena.

Achimwene aakulu: Nthambi ya agogo aakazi nditenga ine. Alamu ya agogo aamuna. Achemwali ana a azakhali aakulu. Yachinayi ndani? Achimwene aang'ono analonjeza mu Febuluwale kuti athandiza.

Mdzukulu: Amenewo anatuluka pa gulu sabata yatha, simunaone?

Msungichuma: Atuluka asanapereke?

Mdzukulu: Yachinayi nditenga ine, koma wina andibwereke laputopu, pa foni sindingathe anthu 60.

Alamu: Udzatenge yanga Loweruka. Uyambe ndi omwalira, amoyo ufunse kaye eni ake ngati akufuna tsiku lawo lobadwa lilembedwe.

Amalume: Uthenga wa GEDCOM uja mundilembere, nditumiza ndine. Mwina kwa malume ake ayankha.

Achimwene aakulu: Ndakutumizirani ku inibokosi amalume, mizere itatu. Musawonjezepo za lisiti.

Azakhali: Muwonjezepo za pasiwedi.

Msungichuma: Zafika 5 tsopano, zikomo mayi aang'ono. Zatsala 4, ndipo Lolemba nditchula mayina.