Thandizeni, ChatGPT yandipatsa chiwerengero cholakwika

Membala wobisa dzina: Abale anga ndathedwa nzeru. Ndikulemba ripoti la kalembera wa 2018, ndiye ndinauza ChatGPT, pulogalamu ija yoyankha mafunso pa intaneti, indifupikitsire. Inalemba kuti anthu m'Malawi analipo 13 miliyoni. Aphunzitsi azunguliza nambalayo ndi cholembera chofiira, pambali alembapo kuti "mwazitenga kuti?" Ine ndimachokera ku Bangwe, minibasi ziwiri kuti ndifike ku Ginnery Corner, bandulo ya Lolemba yatha kale, laputopu ndi ya alamu ndipo ayamba kale kuyitanitsa. Ntchitoyi ikufunika Lachisanu. Nditani?

Bambo wa ku Chilomoni: ANA A MASIKU ANO ULESI! Ife tinkatandala mu laibulale tsiku lonse, mabanzi awiri m'thumba, kukopera ndi dzanja. Werengani buku!

Nambewe: Achimwene, 13 miliyoniyo ndi ya kalembera wa 2008. Wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni. Koma ripoti la NSO, ofesi ya boma yochita kalembera, munalilowetsa m'menemo, kapena munangofunsa?

Mayi a Tadala: Nkhani ya alamuyo ndayimva. Anga anandibwereka simbi chaka chatha, mpaka lero ndikusitira ya makala.

Bambo wa ku Chilomoni: Anambewe, mukumulimbikitsa kuba! Makinawa ndi abodza, ndanena kalekale.

Nambewe: Bambo, kufupikitsa si kuba ayi. Mukapanda kuipatsa chikalata imalemba zomwe ikuganizira, zaka n'kusakaniza. Ngakhale mutaipatsa, muziiuza itchule tsamba, inu mukaone nokha.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ine inandipekera mabuku atatu, olemba ake ndi zaka zomwe. Ndinasaka sabata yathunthu, kulibe n'limodzi lomwe. Pulogalamu ina ija ya NotebookLM ndiye bola, imaloza pamene yatenga mawuwo.

Bambo wa ku Chilomoni: MWAMVA? Mabuku atatu! Mawa adzakhala madokotala amenewa, n'kutibaya jakisoni wolakwika.

Mayi a Tadala: Inu bambo, mwana wabwera ndi vuto, musamukalipire. Nanga inu mukulemba apa ndi nthenga ya nkhuku?

Aphiri a ku Limbe: Ngati masamba munachita kujambula ndi foni, matebulo a manambala imawerenga mokhota. Pezani PDF yeniyeni. Amene akufuna laputopu yotchipa andipeze ku inbox.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu abwera kudzatenga laputopu, akuti mawa ali ndi msonkhano. Ndiye ndingosintha nambalayo basi?

Nambewe: Achimwene, ndafunsa kale. Munaipatsa ripotilo kapena ayi?

Bambo wa ku Chilomoni: WERENGANI BUKU!