Mahandulo a njinga yothamangira: ndikweze kapena ndisiye?

WakuNchalo: Akuluakulu, ndagula njinga yothamangira ya pakaunjika, ija ya mahandulo opindikira pansi. Ndikanyamuka ku Nchalo, pofika ku Ngabu khosi lili kuwawa, manja achita dzanzi. Pansi pa stem (kachitsulo kolumikiza mahandulo ndi foloko) pali mawashala awiri, pamwamba atatu. Anzanga akuti ndikakweza izioneka ngati ya kabaza. Nditani?

MakanikaBangula: Achimwene, kwezani basi. Masulani mabawuti awiri am'mbali ndi lapamwamba lija ndi Allen key ya 4 kapena 5 mm, mawashala apamwambawo muwalowetse pansi. Mukhozanso kuitembenuza stem kuti iloze m'mwamba. Pomanga yambani lapamwamba, pang'ono chabe mpaka foloko isiye kugwedera, kenako am'mbali. Mukayamba am'mbali izigogodabe.

MlongoWapaThabwa: Ine ndikutsutsako pang'ono. Msewu wathuwu ndi wathyathyathya, mukakweza kwambiri mwera uzikumenyani pachifuwa njira yonse. Onani kaye chishalo: chikapendekera kutsogolo thupi lonse limatsamira m'manja. Mawashalawo muzisuntha limodzilimodzi.

MakanikaBangula: Zoona achemwali. Komanso chitsulo cha foloko chotsala pamwamba pa stem musathamangire kudula chifukwa cha kukongola, sichimeranso.

WakuNchalo: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi chishalo. Allen key-yo ndingabwereke kwa ndani kuno?