Injini ya Canter mu kagalimoto kothamanga kodzipangira, zingatheke?

Wowotcherera_25:

Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kuno ku Area 25, koma kwa miyezi 8 tsopano ndikaweruka ndimapanga kagalimoto kothamanga ka mtundu wa Lotus Seven, kaja ka anthu awiri kopanda denga, kotsika moti ukakhalamo dzanja limagunda pansi. Mapulani ndinawapeza pa intaneti, chasisi ndamaliza ndi ma sikweya chubu a 25 mm okhuthala 1.6 mm monga mapulaniwo akunenera, ndipo ndikayeza mopingasa ngodya ndi ngodya zikungosiyana ndi 2 mm basi, zimenezi ndikunyadira nazo kwambiri.

Nde nkhani yafika pa injini. Malume anga anali ndi Canter imene inagubuduzika chaka chatha ikuchokera kotenga chimanga, kabu yonse inaphwanyika koma injini yake 4D33 ilibe vuto, tinailiza ili pansi yotsamira pa matayala, kungokhudza kamodzi yadzuka. Akuti ndikaifuna ndikatenge ulere pamodzi ndi giyabokosi. Ndalama yogulira ina ndilibe, mukudziwa momwe zinthu zakwerera chigwereni kwacha mu November 2023. Pa YouTube ndimaona a ku America akuika ma injini a thiraki mu tigalimoto ngati timeneti nkumathamanga koopsa, nde ndikuti kodi ine sindingapange chimodzimodzi? Alipo anayesapo kuno?

Madala_a_Biwi:

Mwana wanga choyamba ndikuyamikire, chasisi yosiyana 2 mm si masewera, ambiri amene amabwera ndi matirela pagalaja pano amakhala atapotoka ngati nkhwangwa. Koma injini imeneyo usaikemo. Ndagwira ma 4D33 ambirimbiri, ndi injini yabwino zedi, ya malita 4.2, siifa msanga, koma buloko ndi hedi zonse ndi chitsulo cha kasiti ndipo kulemera kwake kumapitirira makilo 300 usanaike giyabokosi. Kagalimoto kakoko kakatha bwinobwino kayenera kulemera makilo 500 kapena 600 konse. Nde taganiza, theka la kulemerako waliunjika pakati pa matayala akutsogolo. Ukafika pa raundabauti iwe ukhotetsa chiwongolero galimoto ipita chowongoka, ukaponda buleki kumbuyo kupepuka nkuyamba kuvina.

Ine zaka zapitazo ndinaika 14B ya Dyna mu pikapu yakale ya kasitomala wina amene anakakamira, pikapu yeniyenitu ya chasisi yokhuthala, koma patangotha miyezi iwiri anabwera mphuno ili pansi, ndipo pamene tinawotcherera ma mauntini panali mng'alu wooneka ngati tsitsi, ukapaka dizilo ndi pomwe umaoneka bwino. Dizilo ya masilinda anayi akuluakulu imanjenjemera kwambiri ikamalira payokha, chubu cha 1.6 mm chidzang'ambika m'mbali mwa weludi ngakhale uwotcherere bwino bwanji.

China, tenga tepi ukayeze injiniyo kuchokera pansi pa sampu, kaja kosungira oilo kunsi kwa injini, mpaka pamwamba pa kava. Kenako uyeze chasisi yako. Tigalimoto timeneti timakhala masentimita 10 kapena 12 kuchokera pansi, ndipo sampu ya Canter ndi yakuya chifukwa pa lole malo ndi ambiri. Ukaitsitsa kuti boneti itseke, hampu yoyamba yomwe ukumane nayo pochoka ku 25 ikuboolera sampu. Ukaikweza, sudzaona kutsogolo. Usaiwalenso kuti magetsi a Canter ndi a 24 volts, mabatire awiri, uwaika pati?

Chiko_Injiniya:

Madala anena zoona, ine ndingowonjezera ziwiri. Achimwene zimene mukuona pa YouTube zija si injini ngati yanuyi ayi. A ku America akamati thiraki amatanthauza pikapu, ngati Chevrolet Silverado, ndipo injini imene amakonda ndi V8 ya petulo ya malita 5.3 kapena 4.8 ya banja la LS, imene inayamba kutuluka m'ma pikapu amenewa cha mu 1999. Ndi pachibale ndi injini ya Corvette, nde zipangizo zimalowana. Komabe ngakhale iwowo imawavuta kutalika, manifodi ya mpweya ya pa pikapu ndi yaitali ndipo sampu ndi yakuya, nde amachotsa nkuika za Camaro kapena Corvette zomwe ndi zafupi kuti boneti itseke. Inuyo 4D33 mulibe koti mukatenge sampu yaifupi, inapangidwira lole basi.

Chachiwiri ndi masamu a liwiro, awa ndi amene anthu saganizira. 4D33 mphamvu zake zonse, pafupifupi mahatchi 130, imatulutsa pa 3200 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), kupitirira apo gavana imayamba kudula mafuta. Tiyerekeze mwaika matayala a 195/50 R15, kuzungulira kamodzi ndi mamita 1.81, difu ya 3.9, kutanthauza kuti propushafti ikazungulira ka 3.9 matayala azungulira kamodzi. Pa giya imene injini ndi propushafti zikuzungulira mofanana, 3200 kugawa ndi 3.9 ndiye kuti matayala akuzungulira ka 820 pa mphindi, kuchulukitsa ndi 1.81 kenako ndi 60, mupeza makilomita 89 pa ola. Giya yomaliza iwonjezerako koma simupita patali, minibasi ya ku Kasungu izikudutsani pa M1 inu injini ikukuwa.  Pomwe injini ya petulo yofika 7000 rpm pa difu ndi matayala omwewo masamu akupereka makilomita 195 pa ola.

Ndipo mphamvu yokoka ija imabwera yonse pansipansi, kumbuyo kulibe kulemera, nde giya 1 ndi 2 matayala azingopalasa, ngati difu yaing'onoyo siyamba yathyoka mano. Colin Chapman, mwini kampani ya Lotus, atatulutsa Seven mu 1957 nzeru yake yonse inali pa kupepuka, ma injini anali ang'onoang'ono a Ford. A kampani ya Caterham amene anagula ufulu wopanga Seven mu 1973 mpaka lero amaika ma injini ang'ono, ena mpaka a 660 cc a Suzuki, omwe aja a m'tigalimoto ta ku Japan.

Mai_a_Tadala:

Ine za ma rpm sindilowererapo, koma amuna anga ali ndi ma Canter awiri amanyamula mchenga ndi njerwa, ndipo ndimaona momwe amavutikira injini ikagogoda. 4D33 yolira bwino eni malole amaifuna usiku ndi usana achimwene. Bwanji osakambirana ndi malume anu muigulitse, ndalamayo mugawane, gawo lanu mugule injini yoyenera? Musaiwononge poidula sampu, ikangodulidwa palibe adzaigule pa mtengo wabwino.

Komanso ganizirani za mapepala mapema. Ku Road Traffic amayang'ana nambala ya injini ndi ya chasisi, nde kulikonse kumene mukagule injini mutenge lisiti ndi kopi ya blue book ya galimoto imene yachokera. Pitani mukafunse ndondomeko ya galimoto yodzipangira musanathire ndalama zambiri, kuti COF isadzavute pamapeto.

Madala_a_Biwi:

Mayiwa alankhula zanzeru. Ukagulitsa, njira zilipo ziwiri. Thumba likalola, funa Altezza yochita ngozi ya injini ya 3S-GE, malita 2, ya manuwo ija imatulutsa mahatchi 210 ndipo imabwera ndi giyabokosi ya magiya 6 yoyendetsa matayala akumbuyo, utenge ndi kompyuta ndi mawaya ake onse osadula. Nayonso ndi yaitaliko, boneti uyenera kuitukumula pakati, koma zimatheka. Za Corolla usavutike nazo, zambiri zimakhala chopingasa zoyendetsa kutsogolo ndipo giyabokosi yoti igwirizane nazo kuno ndi yosowa.

Koma ukandifunsa ine, yamba ndi 7K ya Townace kapena 5K ya Liteace. Anyamata aziseka koma ndi yaifupi, yopepuka, ya kabureta ilipo, mawaya ake ndi owerengeka, masipeya ali mbwee pa Biwi pano ndi ku Malangalanga. Mahatchi 80 mu galimoto ya makilo 550 amakwana kukuopsa, makamaka matako ali pafupi ndi tara choncho. Chovuta ndi ndodo ya giya yokha chifukwa pa Townace imayendera ma linkeji, koma iwe ndi wowotcherera upanga.

Wowotcherera_25:

Zikomo nonse. Dzulo ndinapita kwa malume ndi tepi monga munanenera madala. Nditabwerera ndinadula katoni kutalika kofanana ndi injiniyo nkuiimika mu chasisi, sampu nditaisiyira masentimita 11 kuchokera pansi, kenako ndinakhala pa thabwa pamalo pa mpando. Katoniyo inadutsa pamene boneti ithere ndi zikhatho ziwiri, geti la kwathu lomwe sindimaliona, ndimangoona denga la a neba. Giyabokosi nayo ndi yonenepa moti mapedulo alibe pokhala, phazi la kilatchi likanakhala pamwamba pa belu hauzing'i. Zandiwawa ndithu chifukwa ndinali nditaiwerengera kale, usiku sindinagone bwino.

Malume avomera zogulitsa, akuti pali munthu wa ku Mitundu anaifunsapo kale. A Chiko masamu aja ndawalemba pakhoma la shedi. Madala Loweruka m'mawa ndibwera ku Biwi, ngati mukudziwa pamene pali 7K ya kabureta yoti tingaimve ikulira tisanalipire mundisungire, ndipo ndibweretsa miyezo ya pakati pa chasisi kuti tione ngati giyabokosi yake ilowa osadula chubu.