Tchalitchi cha pa Bank chija, anachimanga bwanji chonchi?

Wapa_Tube:
Anzanga muli ku London kuno, ndikatsika sitima pa siteshoni ya Bank m'mawa ndimadutsa pa tchalitchi cha St Mary Woolnoth, pomwe Lombard Street imakumana ndi King William Street. Kunja kwake ngati ndende, khoma loyang'ana Lombard lilibe windo ngakhale imodzi, pamwamba timansanja tiwiri tophwathalala. Anamanga ndani, ndipo ankaganiza chani?

Nganganga:
Kkkk achimwene lowani kaye musanachinyoze. Pulani yake anajambula Nicholas Hawksmoor, amene anaphunzira ntchito kwa katswiri wa zomangamanga Christopher Wren, anayamba 1716 kumaliza 1727, mamangidwe ake ndi aja amati baroque koma iye baroque yake ndi yolemera, miyala yokhayokha. Ndalama zinachokera ku msonkho wa malasha, lamulo la 1711 linkafuna matchalitchi 50 atsopano koma anangomanga 12 basi. Zamawindozo ine ndimaona kuti anachita dala, malo ndi opanikizika, ndiye kuwala anakulowetsera kumwamba. Mkati muli zipilala 12, zitatuzitatu pangodya iliyonse, pamwamba pake mawindo ngati theka la mwezi. Dzuwa likawomba mumayera mbee, phokoso la mabasi osalimvanso.

Mai_Awiri:
Mukatsika sitimayo dziwani mukuyenda pansi pa tchalitchicho. Cha m'ma 1897 mpaka 1900 kampani ya City & South London Railway inkafuna kuchigwetsa kuti imange siteshoni, anthu anakana, ndiye anangotenga chipinda chapansi momwe munali maliro, mafupa kuwasamutsira ku Ilford, kum'mawa kwa London, tchalitchi nkuchikhazika pa zitsulo. Ndipo mabomba a nkhondo yachiwiri anachiphonya, mwayi wake.

Wapa_Tube:
Eee mayi, ndiye kuti tsiku lililonse ndimaponda pomwe panagona anthu?

Nganganga:
Ndithu kkkk. Komanso mukalowa fufuzani mwala wokumbukira John Newton, yemwe analemba Amazing Grace. Anali m'busa pamenepo kuyambira 1780 mpaka kumwalira mu 1807, chaka chomwe Britain inaletsa malonda a akapolo. Munthuyu kale anali kaputeni wa sitima yonyamula akapolo kuchokera ku Africa, kenako nkumadzalimbikitsa phungu wa nyumba ya malamulo William Wilberforce kulimbana ndi malondawo. Mawu a pamwalapo analemba yekha. Pitani nthawi ya lanchi mkati mwa sabata, mumakhala phee.