Magetsi a kumbuyo a Polo Vivo ya 2019, ndiwapeze kuti kuno ku Joni?

Abale anga okonza magalimoto, ndithandizeni. Ndikufuna getsi lakumbuyo la mbali ya kumanja, logwiritsidwapo kale ntchito, la VW Polo Vivo hatchback ya 2019. Lomwe lilipo linang'aluka, madzi akulowa mpaka pogwirira mababu pachita dzimbiri.

Vuto ndi ili: Vivo yoyambira 2018 inamangidwa pa thupi la Polo yakale ija ya mtundu wotchedwa 6R, pomwe Vivo ya 2010 mpaka 2017 ndi thupi lina. Ogulitsa ambiri amangoti "la Polo ili, likwana", koma la Vivo yoyamba silingalowe, la sedan nalonso ayi. Funso langa ndi lakuti, kodi la Polo 6R limalowa popanda kusintha pulagi kapena kudula mawaya? Amene munayesapo, kodi pogwirira mababu mpofanana? Kudula mawaya sindikufuna, pakuti olumikiza mwachisawawa ndi omwe amachititsa kuti indiketa izithwanima mukaponda buleki, makamaka waya wa earth (uja wolumikiza getsi ku chitsulo cha galimoto) ukapanda kugwira bwino.

Ndikufuna loyambirira lokhala ndi nambala ya VW kumbuyo kwake, osati lachikopera, chifukwa zachikopera zambiri zimatuwa msanga ndi dzuwa ndipo labala wake sagwira madzi. Timakutu tomangira tikhale tosathyoka, tosamatidwa ndi guluu.

Ndi sikirapu iti ku Booysens, Selby kapena mu Jules Street imene amalola kuyesa pa galimoto musanalipire, komanso amapereka lisiti? Lisiti ndi lofunika, sindikufuna katundu wakuba. Mitengo ikuyenda bwanji pano?