Uthenga ukumasokonekera pa shopu yathu, ndiyambire pati?

Membala wosadzitchula dzina: Moni nonse a pa gulu. Ndili ndi hadiweya m'tauni ya Zomba ndi kanthambi ku Thondwe. Antchito alipo 11, kuphatikiza dalaivala ndi alonda awiri. Timaperekanso katundu pa ngongole kwa makontirakitala. Chilichonse chimadutsa pa gulupu imodzi ya WhatsApp: mitengo, mashifiti, zamaliro, ngakhale kudzudzula munthu. Mtengo wa simenti ukasintha, ku Thondwe amagulitsabe pa wakale, ukafunsa akuti bandulo inatha. Kunjakonso aliyense amayankha kasitomala mmene wafunira, ndipo pali malata amene anatuluka pa foni chabe, kasitomalayo pano akukana chiwerengero chake. Odziwa ndithandizeni.

Mayi wa ku Matawale: Achimwene, vuto si WhatsApp ayi. Mwasakaniza nkhani zolemera ndi zopepuka m'thumba limodzi, ndiye mtengo wa simenti umakwiririka pansi pa ma "pepani" 30 a maliro. Tsegulani gulupu yachiwiri, muyitchere kuti olemba akhale ma admin okha. Mmenemo muzilowa mitengo, mashifiti ndi masiku otseka basi. Yakaleyo isiyeni ikhale yocheza.

Mndandanda wa mitengo uzikhala ndi nambala ndi deti pamwamba, mwachitsanzo "Mitengo nambala 14, kuyambira Lolemba 7 koloko m'mawa". Mukatumiza, muimbireni woyang'anira ku Thondwe akuwerengereni yekha mizere imene yasintha. Tizizindikiro tiwiri tabuluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, osati kuti munthu wamva. Iyeyo alembe m'buku la zidziwitso, wogulitsa aliyense asayine asanayambe ntchito, pepala lakale alichotse pakhoma n'kuling'amba. Mapepala awiri akakhala pakhoma, wogulitsa amasankha limene walizolowera. Ndipo ngati mukufuna kuti aziona mauthenga pa foni zawo, bandulo ya mwezi muzigula ndinu.

Lolemba lililonse kumanani mphindi 15 musanatsegule. Alonda amaiwalika chifukwa amabwera madzulo, choncho pakhale munthu mmodzi wodziwika wowafotokozera pa nthawi yosinthana.

Zodzudzula zichotseni pa gulupu lero lomwe. Munthu wonyozedwa pamaso pa anzake amasiya kukuuzani zolakwika, komanso ku leba sizikuthandizani. Lamulo la Employment Act la 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe mfundo za ntchito yake zolembedwa, ndipo asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito apatsidwe mpata wodziteteza. Nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pantchito, wolemba ntchito ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chimene anachotsera munthu. Ndiye kalata yochenjeza izikhala makope awiri, yonena cholakwacho, tsiku lake ndi chimene chisinthe. Akakana kusayina musakangane naye, mboni ilembe pansi kuti kalata yawerengedwa ndipo wakana.

Bambo wa ku Chinamwali: Zonsezo n'zoona mayi, koma si onse amawerenga msanga. Voice note ya Chichewa imamveka kuposa pepala.

Mayi wa ku Matawale: Pofotokoza chifukwa, eya bambo, voice note ndi yabwino. Koma nambala zilembedwe. Pa phokoso la msika wa Thondwe Loweruka, "fifitini" ndi "fifite" zimamveka chimodzimodzi, ndipo voice note simungayifufuze pakatha miyezi itatu.

Wowerengera ndalama, Sadzi: Ine ndiyankhe za kunja. Sankhani pakamwa pamodzi. Mtengo wa ngongole, kuchotsera ndi tsiku lobweretsa katundu azinena ndinu kapena munthu mmodzi amene mwamutchula. Ena onse yankho lawo likhale loti "ndikulumikizani ndi a ofesi". Dalaivala asamalonjeze kanthu pa saiti.

Mapepala amayenda motsatana. Kotesheni ikhale ndi TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho ya ku MRA) ndi masiku amene mtengowo ugwire ntchito, 7 kapena 14. Amene analemba makotesheni opanda malire anaona zakuda mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Kenako kasitomala atumize LPO (kalata yake yooda katundu) yosayinidwa. Popanda LPO, kapena uthenga wolembedwa wochokera pa nambala ya mwini wake, galimoto isatuluke. Delivery note, pepala loperekera katundu, ikhale ya makope atatu: loyamba kwa kasitomala, lachiwiri libwerere ku ofesi litasayinidwa, lachitatu likhale m'buku. Wolandira alembe dzina lonse, udindo ndi nambala ya foni, adinde ngati chidindo chilipo. Kasiginecha kokhotakhota ka mnyamata wa ganyu amene mawa kulibe, ndi pamene mikangano yambiri imayambira. Pa malata lembani geji (makulidwe ake) ndi kutalika, osangoti "malata 40". Invoisi itchule nambala ya LPO ndi ya delivery note, apo ayi ku akaunti kwawo imangogona m'tireyi. Akakudulani withholding tax (msonkho umene kasitomala amachotseratu pokulipirani), itanitsani satifiketi yake nthawi yomweyo, chifukwa ndi imene mudzasonyeze ku MRA.

Mukamaliza kulankhula pa foni, tumizani mizere iwiri: "Monga tagwirizanira, matumba 50 a simenti, Lachinayi, ku Domasi, kulipira pa 30. Tsimikizani." Akayankha kuti "eya", sungani. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga otere, bola musafufute.

Mlongo wa ku Mpondabwino: Kuwonjezera pang'ono. Nambala imene makasitomala amaimba ikhale ya bizinesi, foni yake izigona pa shopu. Wogulitsa akamagwiritsa yake, tsiku lochoka amapita ndi makasitomala onse. Pa invoisi sindikizani akaunti ya banki ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya shopu, ndi mawu oti simulandira ndalama pa nambala ina iliyonse. Inunso mukalandira meseji yoti amene mumaodako katundu asintha akaunti, imbani pa nambala yakale imene mumaidziwa, osati imene yalembedwa mu mesejiyo. Akuba amadalira changu chanu.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo kwambiri nonse. Nanga malata amene anatuluka kale aja, pali chochita?

Wowerengera ndalama, Sadzi: Chilipo, koma musayambe ndi kuopseza. Sonkhanitsani khadi la sitoko la tsikulo, zimene mlonda analemba pa geti, nthawi ya mafoni ndi lipoti lalifupi la dalaivala losayinidwa. Lembani kalata yaulemu yonena chiwerengero chanu cha malata ndi chawo, mupemphe kukawerengera limodzi pa saiti. Malata okhomedwa padenga amawerengeka. Gawo limene akuvomera alisayinire ndi kulipira kaye, mkangano utsale pa kusiyanako kokha. Kalatayo ipite ndi munthu pamanja, wolandira asayine pa kope lanu, ndipo muwapatse masiku 14 oti ayankhe.